Tipu ni mphatso, koma 10% ija ni nkhongole

Pa Cisanu capita tinakhala anthu anai pa tebulo imodzi mu lesitilanti ina ya m'mbali mwa Great East Road, kusangalala ndi mnzathu amene anamukweza pa nchito. Cakudya cinacedwa mphindi 40. Malaiti anali atapita, jenaleta inali kulila kumbuyo, ndipo mtsikana amene anali kutitumikila anabwela katatu kudzapepesa. Bilu itafika, mkangano unabuka.

"Ine tipu sinizaikapo," anatelo mnzathu wina. "Tipu ni ya munthu wamene wasebenza bwino. Manje ise tayembekeza monga tili pa laini ya ku kiliniki."

Wina, amene anakhalako ku America zaka ziwili, sanacedwe kuyankha. "Iwe boi, uziba kuti bamafola zingati aba? Kucoka pano osasiya kanthu ni kuba."

Ine ndinali cete, maso ali pa pepala. Pafupi ndi VAT ya 16% panali mzela wina umene onse awili sanauwelenge: service charge, 10%. Pa cakudya ca K900 inali K90. Anzanga anali kukangana ngati mtsikana uja ayenela kulandila kanthu, pamene lamulo linali litamuikila kale kanthuko pa bilu yathu.

Mkangano wakuti tipu munthu aziigwilila nchito kapena ni ufulu wake tinautengela kwa ena. Ku America lamulo la boma lalikulu limalola bwana kulipila weita $2.13 pa ola, ndalama imene sinasinthe kuyambila 1991, poyembekezela kuti makasitomala adzaonjezela zotsala. Zigawo zina za dzikolo zinaika malipilo apamwamba, koma mwambo unakhazikika: amene asiya 15% kapena 20% pa tebulo akulipila salale ya munthu. Mnzanga wa ku America uja anali kunena zoona, koma zoona za kwina.

Kuno kwathu nkhani inayenda njila ina. Tourism and Hospitality Act ya 2015 imalamula mahotela ndi malesitilanti kuika service charge pa bilu, ndipo imati ndalamayo igawidwe mofanana kwa anchito onse, kucotsako mamanija. Imanenanso kuti pamene service charge yalipidwa, palibe amene akakamizidwa kupeleka tipu. Conco funso la anzanga lili ndi yankho kale. Tipu ni mphatso, mungapeleke kapena ai. Koma 10% ija si mphatso, ndipo si ya bwana. Ni ya anchito, kaya nsima yafika yotentha kapena yozizila.

Ine mbali ya lamuloli imene ndimaikonda ni ija yakuti mofanana. Pamene ndinali kuphunzila utolankhani pa Evelyn Hone, ndinali kugwilako maganyu otumikila pa maukwati kumapeto kwa sabata, ndipo ndinaona bwino mmene tipu imayendela. Imatsata nkhope. Amene aseka kwambili, amene aoneka bwino, amene Cizungu cake cimatelela, ndiye amabwelela ndi kanthu m'thumba. Mai amene atsuka mapoto kumbuyo mpaka zala kuyela, palibe amene amamudziwa. Ndipo tisanamizane: pali abambo ena amene K100 yao imabwela pamodzi ndi pempho la nambala ya foni. Mukamati tipu munthu aziigwilila nchito, funsani kuti nchito yake ni iti. Mtsikana wathu uja sanazimitse malaiti, sanaphike, sanalembe anthu ocepa ku khichini. Koma ndiye amene mnzanga anafuna kumulanga.

Tsono vuto lili apa: kodi 10% imafika? Anzanga atapita kukasamba m'manja, ndinamufunsa mtsikanayo pang'onopang'ono. "Sisi, iyi service charge imafika kuli imwe?" Anayamba wayang'ana ku tilu. "Bamatipasa ku month end," anatelo, "koma sitiziba mwamene bamapendela. December na February ni cimozimozi cabe. Tambula ikapwanyika bajuba. Kasitoma akathaba bilu, ni ine."

December ndi February cimodzimodzi! Aliyense amene anayesapo kupeza tebulo mu Lusaka pa sabata ya Khisimasi adziwa kuti zimenezo sizingatheke. Ndalama imene imacokela pa malonda iyenela kukwela ndi kutsika pamodzi ndi malondawo. Ikaima malo amodzi mwezi ndi mwezi, pali wina amene akuidula mutu. Sindikunena kuti eni malesitilanti onse ni otelo. Alipo amene amapacika pepala ku khichini loonetsa zimene zalowa ndi gawo la aliyense, ndipo anchito ao sacokacoka. Ndidziwanso kuti bizinesi yavuta: dizilo ya jenaleta, lendi, mitengo ya zakudya yosakhazikika. Koma kuvutika kwa bwana sikusandutsa ndalama ya weita kukhala yake.

Tiyeni tiike manambala pa tebulo. Kuyambila January 2024, boma kudzela mwa nduna ya za nchito a Brenda Tambatamba linakweza malipilo otsikitsitsa a wanchito wamba ndi wa m'shopu kufika pa K2,313.10 pamwezi, kuphatikizapo za nyumba, mayendedwe ndi cakudya ca masana. Caka comweco, mtengo wa zofunika pa banja la anthu asanu mu Lusaka, umene a JCTR amawelengela mwezi ulionse, unadutsa K10,000. Saka ya unga wa breakfast ya 25kg inadutsa K300. Munthu amene akomboka 23 hours, mabasi atasiya kale kuyenda, ayenela kupeza njila yofikila ku Mtendere kapena ku Chawama. Pa moyo wotele, gawo la service charge si ndalama ya talk time. Ni lendi.

Nanga ndani ayenela kulondola? Oyendela malo a nchito a ku unduna wa za nchito alipo. Bungwe la anchito a m'mahotela, Hotel Catering, Tourism and Allied Workers Union of Zambia, lilipo. Employment Code Act ya 2019 inaletsa kusunga munthu ngati waganyu pa nchito yokhalitsa. Koma mtsikana wa kontilakiti ya miyezi itatu, amene adziwa kuti kunja kwa geti kuli anzake khumi onyamula ma CV, sangapite kukadandaula. Ife makasitomala tili ndi ufulu umene iye alibe: tingafunse manija mokweza kuti 10% imagawidwa bwanji, ndipo palibe amene angaticotse nchito.

Cina cimene casintha ni makhadi. Kale cenji inali kutsala m'kabuku ka bilu, weita n'kuitenga. Lelo timacita swipe, ndipo tipu imene mwaonjezela pa makina imayamba yalowa mu akaunti ya kampani. Ngati mufuna kuti ifike kwa mwini wake, mupatseni m'manja kapena mutumizileni pa Airtel Money kapena MoMo.

Ndipo onani kumene mkanganowu sufikako. Ku matebeto ku Thornpark, kapena m'tumalesitilanti twa ku City Market, kulibe bilu yosindikiza, kulibe 10%. Mtsikana amene amakuthililani madzi osamba m'manja, n'kukubweletselani nsima, T-bone ndi cibwabwa, amagwila nchito yolemela kuposa wa pa mall. Sindinamvepo munthu akukangana za tipu yake. Timawelenga cenji yathu mpaka K1 yomaliza.

Usiku uja mnzanga woyamba sanasinthe maganizo, ndipo lamulo lili kumbali yake. Wa ku America anasiya K100 m'kabuku, n'kuonetsetsa kuti tonse taona. Ine ndinapempha kuonana ndi manija, anati wacokapo. Ndinamupatsa mtsikanayo K50 m'manja, iye anaipinda kawili n'kuiloweka kuseli kwa kava ya foni yake. Titatuluka panja ndinatsegula Yango kuti ndione mtengo wopita ku Mtendere pa ola limenelo. Unali woposa K50.