Denga la Mlendo Wothawa Nkhondo

Munthu wothawa nkhondo sanyamula nkhokwe. Afika ndi mwana kumsana, mapazi otupa, ndi mantha mumtima. Kodi munthu wotere ayenera kulandiridwa motani?

Akulu-akulu a ku Chiparamba ndi a m'midzi yina yozungulira Chipata akali kukumbukira nkhondo ya pacibale ya ku Mozambique, imene inayamba mu 1977. Pamene inakula, anthu zikwi-zikwi anaoloka malire nalowa m'maboma a Chadiza, Katete ndi Petauke. Ambiri a iwo anali kulankhula Cicewa kapena Cinsenga monga eni dziko. Poyamba anthu a m'midzi ndiwo anawapatsa pogona, nagawana nao ufa ndi ndiwo.

Mu 1987 Boma linatsegula malo a Ukwimi, amene pa nthawiyo anali m'boma la Petauke. Bungwe la mipingo ya Lutheran ya pa dziko lonse linagwira nchito kumeneko pamodzi ndi Boma ndi bungwe la UNHCR, loyang'anira othawa kwao. Banja liri lonse linapatsidwa malo omangapo nyumba ndi munda wolima. Anthu oposa 20,000 anakhala m'midzi ya Ukwimi, nakolola cimanga cao-cao.

Apa pali phunziro. Thumba la ufa litha m'masabata owerengeka, ndipo wolandira abwerera kukapemphanso, mutu uli pansi. Koma munthu amene ali ndi denga lace ndi khasu lace aima cilili pakati pa anzace. Cifukwa cace mpingo wofuna kuthandiza mlendo usalekere pa copereka ca tsiku la Sabata. Amuna akadule mitengo, akazi akamwete udzu, nyumba imangidwe. Pambuyo pace akhale naye pa benci limodzi m'nyumba ya mapemphero, namtume pa maliro ndi pa ukwati monga mnansi.

Ena ati, minda njocepa ndipo njala siicoka pakhomo; ena aopa kuti pakati pa alendo pangabisale acifwamba. Mantha awa sali acabe, pakuti m'zaka zija ankhondo a Renamo anali kuoloka malire napha anthu m'midzi ya Zambia. Koma wothawa moto sindiye anautentha. Coyenera ndi kupita naye kwa mfumu ndi kwa a Boma kuti alembedwe monga mwa lamulo. Mlendo wolembedwa adziwika kwa onse. Wopitikitsidwa ndiye agona kuthengo kumene palibe womuona.

Makolo anati, mlendo ndi mame. Mtendere unapanganidwa ku Rome mu 1992, ndipo pofika 1995 ambiri a ku Ukwimi anali atabwerera kwao. Minda, zitsime ndi sukulu zinatsalira eni dziko.

Akristu akumbukirenso kuti Yosefe ndi Mariya anathawira ku Aigupto ndi Mwana wakhanda, nasungidwa ndi anthu a mtundu wina. Naye mwana wa sukulu ali ndi gawo lace. Akafika mnzace wa malankhulidwe acilendo, asamseke. Amsendere pa benci, nambwereke pensulo.

Mafunso
1. Kodi malo a Ukwimi anatsegulidwa caka citi?
2. Nanga munda uposa bwanji thumba la ufa?
3. Fotokozani tanthauzo la mwambi wakuti, mlendo ndi mame.