Kuyenda Pansi Si Umphawi

Pakati pa Switzerland ndi Austria pali dziko laling'ono lamapiri lotchedwa Liechtenstein. M'chaka cha 2019 dzikoli linatsegula njira ya oyenda pansi yotalika makilomita 75, yodutsa m'madera ake onse 11. Alendo amalipira ulendo ndi malo ogona kuti akathere tchuthi chawo akukwera zitunda kumeneko.

Kodi anthuwa asowa galimoto? Iyayi. Kuyenda kumalimbitsa mtima, ndipo kumathandiza kupewa matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi.

Nanga ife tichitirenji manyazi ndi mapazi athu, n'kumakwera kabaza ngakhale popita kumsika wapafupi? Abambo ndi amayi, makamaka inu ogwira ntchito mutakhala pansi, yendani mphindi 30 tsiku lililonse. Odwala mtima ayambe afunsa kuchipatala. Pang'onopang'ono ndi mtolo.