Nkhondo Yobisika M'mafuta a Pamimba

Kuno ku Chigwa cha Shire, bambo wa ku Kapichira kapena ku Nchalo akatulutsa mimba timati ntchito yamuyanja. Mayi akanenepa timati banja lamukonda, koma akaonda timayamba kunong'onezana. Tisanayamikire mimbayo, tiyeni tione zimene zimachitika m'kati mwake.

Kale ngakhale madokotala ankaona mafuta a m'thupi ngati nkhokwe chabe yosungira chakudya chotsala. Maganizowa anasintha mu 1993, pamene Gökhan Hotamisligil ndi Bruce Spiegelman a ku Harvard anapeza kuti mafuta a mbewa zonenepa kwambiri amatulutsa timadzi toyambitsa kutupa. Mu 2003 akatswiri a ku Columbia University anaonjezerapo kuti m'mafutamo mumadzaza asilikali a m'thupi otchedwa macrophage. Mwa munthu wa thupi labwino, asilikaliwa safika 10 pa maselo 100 alionse a m'mafuta, koma mwa munthu wonenepa kwambiri amatha kufika pafupifupi 40.

Amadzafunamo chiyani? Ntchito yawo n'kumeza tizilombo ndi kuchotsa maselo akufa. Tikanenepa mopitirira, maselo a mafuta amafufuma mpaka ena kufa. Asilikali aja amawazungulira kuti akonzepo, koma poti maselo akufa sakutha, nawonso sabwerera. Amangopitiriza kutulutsa timadzi ta nkhondo, zaka ndi zaka. Kutupa kumeneku sikuwawa ngati chithupsa, n'chifukwa chake sitikudziwa. Koma kumachititsa kuti thupi lisamvere insulini, shuga n'kuyamba kukwera, ndiponso kumaononga mitsempha ya magazi. Mafuta oopsa kwambiri ndi a m'kati mwa mimba, ozungulira matumbo ndi chiwindi.

Mwina tingafunse kuti, bwanji osangomwa mankhwala oletsa asilikaliwo? Zinayesedwa. Mu 2017 munatuluka zotsatira za kafukufuku wa CANTOS, wa anthu oposa 10,000 amene anadwalapo mtima. Mankhwala ochepetsa kutupa otchedwa canakinumab anachepetsadi mavuto a mtima, koma matenda a shuga sanawaletse, ndipo omwalira ndi matenda obwera ndi tizilombo anachulukirapo. Kwa ife a ku Chikwawa ndi Nsanje, kumene malungo ndi chifuwa chachikulu sizisowa, kufooketsa chitetezo cha thupi lonse kungakhale kugwetsa mpanda pofuna kupha khoswe. N'chifukwa chake akatswiri akufufuza mankhwala olunjika pa asilikali a m'mafuta okha, osakhudza ena. Ntchitoyi idakali pa kafukufuku, choncho tichenjere ndi ogulitsa mabotolo a "zosungunula mafuta" m'misika.

Chosangalatsa n'chakuti thupi likatsika, kutupa kumachepa. Kafukufuku wa ku America wa mu 2002 anaonetsa kuti anthu amene shuga wawo anali atayamba kukwera, atalimbikitsidwa kutsitsa makilogalamu 7 pa 100 alionse ndi kulimbitsa thupi mphindi 150 pa mlungu, chiopsezo cha matenda a shuga chinatsika ndi 58 peresenti.

Tiyambe ndi chingwe. Tiyeze msinkhu wathu, tipinde chingwecho pakati, kenaka tichizungulize pamimba cha pamchombo. Chikalephera kukumana, mafuta a pamimba achuluka.

Kutentha kwa kuno kumatikokera ku zakumwa zozizira zashuga, pomwe ludzu limathetsedwa ndi madzi. Tichepetse masupuni a shuga, mandasi ndi tchipisi cha pachiwaya. Tibwezeretse pamphasa nsima ya mgaiwa, mapira kapena mchewere, ndi nandolo, khobwe, therere ndi masamba a sangowa. Ulendo waufupi tisakwere kabaza. Tiyende pansi m'mawa dzuwa lisanakwiye.

Ndipo tikapita ku chipatala cha Chikwawa kapena cha Malamulo, tipemphe kuyezedwa shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Amene tili kale pa mankhwala tisasiye. Mnzathu akayamba kutsitsa thupi mwadala, timulimbikitse m'malo momunena.