Musanayeretse mano, dziwani chomwe chawadetsa

Pa Facebook ndi pa WhatsApp mwaona kale zithunzi ziwirizi: mano achikasu kumanzere, mano oyera mbee kumanja, pansi pake nambala ya foni. Timabotolo take tikufika m'makomo ku Ndirande, Bangwe ndi Machinjiri, tina topanda dzina la wopanga ngakhale mlingo wa mankhwala omwe ali m'katimo. Ogula ambiri ndi achinyamata, koma aliponso makolo ogulira ana awo omwe akusekedwa kusukulu. Makolo amenewa ndi omwe tikufuna kulankhula nawo lero.

Mankhwala enieni oyeretsera mano ndi hydrogen peroxide. Amalowa kupyola chikutiro cholimba cha dzino, n'kukaphwanya tinthu tomwe tikupereka mtundu wachikasuwo. Vuto ndi loti saimira pomwepo. Ena amapitirira mpaka pakati pa dzino pomwe pali mtsempha, n'chifukwa chake munthu amamva kuwawa kobaya akamwa madzi ozizira. Akakhudza nkhama, amaziwotcha mpaka kutuwa. Dokotala wa mano akamagwiritsa ntchito mankhwala amphamvu, a 35 peresenti kapena kuposerapo, amayamba waphimba nkhama zonse, ndipo amawerenga mphindi.

Ngakhale pali chisamaliro chonsecho, akatswiri sakukhutira. Ofufuza, makamaka a ku Brazil, akuyesa kuthira mu peroxide tinthu tofulumizitsa ntchito yake, monga manganese, iron ndi titanium dioxide. Ganizirani mmene chidulo chimafewetsera ndiwo msanga. Tinthuti timachititsa kuti peroxide asweke mofulumira ndi kugwira ntchito yake pafupi ndi pamwamba pa dzino, kotero wotsala woti akafike ku mtsempha amachepa. Cholinga n'choti mankhwala ochepa mphamvu ayeretse mofanana ndi amphamvu aja. Zambiri mwa zoyesazi zachitikira mu labotale, pa mano ozulidwa kale ndi pa maselo, choncho wogulitsa akakuuzani kuti botolo lake lili ndi "luso latsopano", musatengeke. Koma taonani komwe sayansi ikulowera: anthu omwe anaphunzira ntchitoyi zaka zambiri akufunafuna njira yochepetsera mlingo, pamene ife tikupaka m'kamwa mwa mwana mankhwala omwe mlingo wake sitikuudziwa n'komwe.

Mayiko a mu European Union anaika malire mu 2011. Zogulitsidwa kwa aliyense zisapitirire 0.1 peresenti ya peroxide. Kuchokera pamenepo kufika 6 peresenti, zidutse m'manja mwa dokotala wa mano, ndipo asapatsidwe munthu wosakwana zaka 18. Mano a mwana ali ndi chipinda chachikulu cha mtsempha, motero mankhwala safuna ulendo wautali kuti akafikeko.

Nanga njira zapakhomo zija? Makala ndi phulusa zimapala dzino ngati mchenga pa poto. Mandimu ndiye oopsa zedi. Chikutiro cha dzino chimayamba kusungunuka asidi akatsika pansi pa pH 5.5, pomwe madzi a mandimu ali cha pa 2. Chikutirochi chikatha sichimeranso, ndipo pansi pake pali gawo la dzino lomwe mwachibadwa ndi lachikasu. Wopala mano tsiku ndi tsiku mapeto ake amakhala ndi mano achikasu kuposa poyamba, owawanso.

Funso lomwe wogulitsa sangakufunseni ndi ili: chadetsa manowo n'chiyani? Mwana wa zaka 7 akamera mano achikulire pafupi ndi aubwana, atsopanowo amaoneka achikasu. Palibe matenda pamenepo, ndi mmene alili. Madontho a tiyi ndi fodya amachoka dzino likatsukidwa kuchipatala. Dzino limodzi lakuda pakati pa oyera kawirikawiri ndi lomwe linamenyeka, mtsempha n'kufa. Kadontho kakuda m'mbali mwina ndi bowo loyamba, ndipo kuthirapo peroxide ndi kuika tsabola pa bala. Mankhwala a tetracycline nawo amadetsa mano mwana akamwa asanakwane zaka 8, kapena mayi akamwa ali woyembekezera.

Ndiye pali mawanga oyera ngati choko kapena ofiirira, omwe timawaona kwambiri mwa ana okulira komwe madzi a m'mijigo ali ndi fluoride wambiri, monga madera ena a Nsanje, Chikwawa ndi Machinga. Bungwe la WHO limati fluoride asapitirire mamiligalamu 1.5 pa lita. Mawangawa amapangika dzino likadali m'kati mwa nkhama, choncho mswachi sungawachotse, ndipo kudzudzula mwana kuti satsuka m'kamwa n'kumulakwira. Mabanja ena a ku Zingwangwa ndi Chilomoni amatumiza ana kumudzi kwa agogo kwa zaka, n'chifukwa chake mawangawa amapezeka ngakhale m'tauni. Kuwiritsa madzi sikuchotsa fluoride.

Tikudziwa kuti kunena kuti "pitani kwa dokotala wa mano" n'kosavuta kusiyana ndi kumupeza. Madokotala a mano ndi ochepa m'dziko muno, ndipo maphunziro awo a digiri anangoyamba mu 2019 ku College of Medicine, yomwe tsopano ndi Kamuzu University of Health Sciences. Komabe achipatala cha mano ophunzitsidwa ku Malawi College of Health Sciences alipo, ndipo ku Queen Elizabeth kuli gawo la mano. Angathe kukuuzani ngati ndi bowo, fluoride kapena tiyi chabe, ndipo yankho limenelo ndi lomwe limasonyeza chochita.

Maganizo athu ndi oti bungwe loona za mankhwala la PMRA ndi Medical Council of Malawi atsate malonda amenewa, anene poyera mlingo wololedwa komanso yemwe ali ndi chilolezo chopaka mankhwalawa m'kamwa mwa munthu. Saluni si malo ake.

Inu odzipereka pa zaumoyo, mukamayenda m'makomo n'kupeza mwana wa mano amawanga, funsani komwe anakulira ndi madzi omwe ankamwa. Ngati kumudziko kukadali ang'ono ake osakwana zaka 8, uzani mlangizi wa zaumoyo kuti madzi a mjigowo akayezedwe.