Tizilombo Tothandiza Msipu Panthaka Yamchere

Patsamba lino tikatchula tizilombo nthawi zambiri timakhala tikuchenjezana za kolera kapena kutsegula m'mimba. Mwezi uno tikambe za tizilombo tina tomwe banja loweta mbuzi kapena ng'ombe yamkaka liyenera kutisamala.

Mukazula nyemba, mtedza kapena nandolo mumaona timibulu tomatirira kumizu. Si matenda ayi. M'menemo mumakhala mabakiteriya otchedwa Rhizobium, omwe amatenga nayitrojeni mumpweya n'kumusandutsa chakudya cha mbewu. Nayitrojeni ndi yemwe timagula m'thumba la yureya, chonsecho magawo 78 pa 100 a mpweya umene timapuma ndi iyeyo. Mbewu payokha singamutenge. Imapatsa mabakiteriyawa shuga ndi pokhala, iwo n'kuibwezera feteleza. Ndiye chifukwa chake masamba a lukina, jelejele ndi nkhungudzu ali ndi zomanga thupi zambiri kuposa udzu wamba, ndipo chiweto chowadya chimatulutsa mkaka wochuluka woti ana amwe.

Vuto limabwera nthaka ikakhala yamchere, monga madera ena a ku Chikwawa, Nsanje ndi m'mphepete mwa nyanja ya Chilwa, kumene chilimwe chikafika pansi pamayera ngati pathiridwa ufa. Amayi amadziwa kuti nsomba yothira mchere siwola msanga. Mchere umayamwa madzi ndipo tizilombo timalephera kuswana. Zomwezo zimachitika m'nthaka, kungoti kumeneko tovutikato ndi tija tothandiza.

Alimi a nkhosa ku Australia anaziona. Kumeneko atadula mitengo yachilengedwe, madzi apansi anakwera n'kubweretsa mchere pamwamba, minda yambiri n'kuwonongeka. Akatswiri anapeza chomera cha m'gulu la nyemba chotchedwa messina, chopirira mchere ndi madzi odikha omwe. Chaka choyamba chinkakula bwino, poti mbewu yake inkadzalidwa itapakidwa mabakiteriya. Chaka chachiwiri njere zogwera pansi zinkamera ndithu, koma zomerazo zinkakhala zachikasu ndi zopinimbira. Atafufuza anapeza kuti mabakiteriya aja ankafa m'chilimwe, nthaka ikauma ndipo mchere waunjikana pamwamba. Panapita zaka akuyesa mitundu yosiyanasiyana mpaka anapeza umodzi wopirira, SRDI554. Mu 2017 ndi pamene mbewuyo inaperekedwa kwa alimi ndi dzina loti Neptune, limodzi ndi mabakiteriya akewo.

Sindikunena kuti tiyitanitse messina. Nyengo yakumeneko si yathu. Chimene ndikutengapo n'chakuti panthaka yamchere tikaona msipu wa m'gulu la nyemba wafooka, tisathamangire kunyoza mbewu. Tiyambe taona kumizu.

Kuonako n'kosavuta. Pakatha milungu 6 mpaka 8 chimerere, kumbani chomera chimodzi ndi khasu, osachizula ndi manja chifukwa timibulu timatsalira m'dothi. Tsukani mizu m'ndowa, kenako dulani kambulu kamodzi pakati. Mkati mukakhala mofiirira, ntchito ikugwirika. Kufiirako kumachokera ku chinthu chapachibale ndi chimene chimafiiritsa magazi athu. Mukapeza moyera kapena mobiriwira, kapena timibulu palibiretu, chomeracho chikungodya za m'nthaka ngati udzu wina uliwonse.

Ambiri tikudziwa inokulanti wa soya, monga Nitrofix, amene amagulitsidwa m'timapaketi. Amenewo ndi mabakiteriya amoyo, ndiye paketi isasiyidwe padzuwa kapena pafupi ndi moto, ndipo mbewu yopakidwa idzalidwe tsiku lomwelo m'nthaka yachinyezi. Koma chenjerani: si mabakiteriya onse amene amagwirizana ndi mbewu iliyonse. Wa soya sangathandize lukina. Funsani alangizi a zaulimi musanawononge ndalama. Njira ina imene anthu obzala mitengo amagwiritsa ntchito ndi kutapa dothi pang'ono patsinde pa mtengo wa mtundu womwewo umene ukukula bwino, n'kulisakaniza m'machubu a kunazale. Kwa ife a kumchere, ine ndingatape pa mtengo umene wakondwa pamalo amchere omwewo, poti mabakiteriya ake apirira kale zilimwe zingapo.

Pamalo odikha madzi ndi amchere pang'ono, jelejele amapirira kuposa lukina. Thirani manyowa ndi kuphimbira nthaka ndi mapesi kuti isaume msanga, chifukwa madzi akamauma ndi pamene amasiya mchere pamwamba. Yureya wambiri musathire, chomera chikapeza nayitrojeni wokonzakonza chimaleka kupanga timibulu. Ndipo amene lukina wakukulirani bwino, asapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya cha chiweto. Akachuluka, ubweya umathothoka ndipo chiwetocho chimayamba kuonda.