Mnyamata amene anatera ku Antarctica: chifukwa chake ndege siuluka mwa kufuna kwa mwini wake

Pa 28 Juni 2025, ndege yaing'ono ya injini imodzi, ya mtundu wa Cessna 182, inanyamuka pa bwalo la ndege la mzinda wa Punta Arenas, kummwera kwenikweni kwa dziko la Chile. Woyendetsa anali Ethan Guo, mnyamata wa zaka 19 wa ku United States, ndipo m'ndegemo anali yekha. Patapita maola angapo anatera pa chilumba cha King George ku Antarctica, dera la madzi oundana, pa bwalo lomwe lili m'manja mwa dziko la Chile. Mtunda wake ndi pafupifupi makilomita 1,200, wofanana ndi kuchoka ku Tete kupita ku Beira pa msewu n'kubwerako, koma mbali yaikulu ya ulendowo ndi nyanja yozizira ya mafunde oopsa.

Akuluakulu a Chile anati ndondomeko ya ulendo imene mnyamatayo anapereka asananyamuke sinatchule za Antarctica. Anamuimba milandu iwiri: kupereka uthenga wabodza kwa oyang'anira kayendedwe ka ndege, ndiponso kutera popanda chilolezo. Maloya ake anakana. Iwo anati mnyamatayo anakumana ndi nyengo yoipa, zipangizo zina za ndege zinayamba kuvuta, ndipo anatera kumeneko pofuna kupulumutsa moyo.

Mu Ogasiti chaka chomwecho mbali ziwirizi zinagwirizana pamaso pa woweruza. Mlandu unayimitsidwa, koma Guo anavomera kupereka madola 30,000 ku bungwe losamalira ana odwala khansa. Ndalamazi ndi pafupifupi 1.9 miliyoni ya meticais. Analetsedwanso kulowa m'dziko la Chile kwa zaka zitatu. Pa chilumba chija anakhalapo miyezi yoposa iwiri m'nyengo yozizira kwambiri, mpaka anachokako pa sitima ya pamadzi.

Ambiri amene ankatsatira ulendo wake pa intaneti anaona ngati Chile yachita nkhanza. Cholinga cha mnyamatayo chinali chabwino: ankafuna kuuluka yekha kufika ku makontinenti onse asanu ndi awiri, n'kusonkhanitsa madola 1 miliyoni othandizira kafukufuku wa khansa ya ana. Sanaphe munthu, sanawononge katundu. Nanga n'chifukwa chiyani boma linalimbikira chotere pa nkhani ya pepala limodzi?

Ntchito ya ndondomeko ya ulendo

Ndondomeko ya ulendo ndi pepala limene woyendetsa ndege amapereka asananyamuke. Amalembapo kumene akuchokera, kumene akupita, njira imene adzere, nthawi imene ayembekezera kufika, mafuta amene ali nawo ndi chiwerengero cha anthu amene akwera. Oyang'anira kayendedwe ka ndege amagwiritsa ntchito pepalali m'njira ziwiri. Yoyamba ndi kusiyanitsa ndege kuti zisakumane mumlengalenga. Yachiwiri ndi kudziwa kokafunafuna ngati ndege yasowa.

Malamulo a bungwe la ICAO, lomwe limagwirizanitsa mayiko pa nkhani za ndege, amanena kuti ndege ikakhala chete kwa mphindi 30 kupitirira nthawi imene imayembekezeka kulankhula kapena kufika, oyang'anira ayambe kuifufuza. Ikapanda kupezeka, chenjezo limakwera. Ikafika nthawi imene mafuta ake ayenera kuti atha, amaitenga kuti ili pa ngozi, ndipo opulumutsa anthu amatumizidwa. Opulumutsawo amapita kumene pepala lanena. Ngati pepala lanama, iwo amakasaka kolakwika, n'kuika moyo wawo pachiswe chifukwa cha munthu amene ali kwina.

Malamulo omwewo amalola woyendetsa ndege kupatuka pa njira yake ngati moyo uli pangozi, bola adziwitse oyang'anira msanga. Apa m'pamene panagona mkangano wa Guo ndi boma la Chile: kodi anapatuka chifukwa cha ngozi, kapena anali atakonzeratu? Mgwirizano wa mu Ogasiti unatseka mlandu funsoli lisanayankhidwe ndi khoti. Chimene chinaonekeratu n'chakuti boma silinalole kuti cholinga chabwino kapena msinkhu wa mnyamatayo zikhale chifukwa chonyalanyazira nkhaniyo.

Zimene zinachitika ku Moscow mu 1987

Nkhani ya ku Chile inakumbutsa anthu za Mathias Rust, mnyamata wa zaka 18 wa ku West Germany. Pa 28 Meyi 1987 iye ananyamuka ku Helsinki m'dziko la Finland pa ndege ya Cessna 172 yobwereka, atauza oyang'anira kuti akupita ku Stockholm. Atangokwera anasiya kuyankha pa wailesi n'kukhotera kummawa. Anali atauluka maola pafupifupi 50 okha pa moyo wake wonse. A ku Finland ataona kuti wasowa anayamba kumufunafuna m'nyanja, poganiza kuti wagwa. Pa nthawiyo iye anali atalowa kale mu Soviet Union, ndipo madzulo a tsikulo anatera pa mlatho wa pafupi ndi Red Square, pakati penipeni pa mzinda wa Moscow.

Oyendetsa ndege za nkhondo za Soviet Union anamuona m'njira, koma sanapatsidwe chilolezo chomuombera. Zaka zinayi m'mbuyomo, mu 1983, dzikolo linali litagwetsa ndege ya anthu wamba ya ku South Korea n'kupha anthu 269, ndipo kuyambira pamenepo asilikali ankaopa kuombera ndege yosadziwika. Rust anapulumuka chifukwa cha mantha amenewo. Iye ankati anabwera ndi uthenga wa mtendere. Khoti linamugamula zaka zinayi, koma anatulutsidwa mu Ogasiti 1988 atakhala m'ndende miyezi pafupifupi 14.

Amene analipira kwambiri anali ena. Nduna ya chitetezo, Sergei Sokolov, ndi mkulu wa asilikali oteteza mlengalenga, Alexander Koldunov, anachotsedwa ntchito, pamodzi ndi akuluakulu ena ambiri a usilikali. Umu ndi mmene zimakhalira ndi masewera a ndege: wochita ndi mmodzi, koma zotsatira zake zimagwera anthu amene sanafunsidwe n'komwe.

Lamulo silikaniza achinyamata kuuluka. Malinga ndi ICAO, munthu angathe kulandira chiphaso choyendetsera ndege yaing'ono ali ndi zaka 17, atauluka maola osachepera 40 pophunzira ndi kukhoza mayeso. Guo ndi Rust onse anali ndi ziphaso zovomerezeka. Vuto silinali msinkhu wawo. Milandu yawo inachokera pa kusiyana kwa zimene anauza oyang'anira ndi kumene ndege zawo zinakatera.

Malire a mumlengalenga

Mlimi wa ku Angónia kapena ku Tsangano amadziwa malire amene amawolokedwa ndi miyendo. Pakati pa Dedza ndi Ntcheu, malire a Mozambique ndi Malawi amatsata msewu waukulu, ndipo mbatata ya kachewere, kabichi ndi tomato zimawoloka tsiku lililonse kupita ku msika wa Lizulu. Maukwati, maliro ndi zigayo n'zogawana. Chizolowezi chimenechi chimatha kupangitsa munthu kuganiza kuti malire onse ndi otero.

Mumlengalenga n'zosiyana. Pangano la ku Chicago la 1944, lomwe linakhazikitsa ICAO ndipo Mozambique, Malawi ndi Zambia ali mamembala ake, limayamba ndi mfundo yakuti dziko lililonse lili ndi ulamuliro wonse pa mlengalenga wa pamwamba pa nthaka yake. Asilikali amene aona ndege yosadziwika sangadziwe ngati muli mwana wosewera, wozembetsa katundu kapena mdani, ndipo amakhala ndi mphindi zochepa zoti aganize. Gawo lachisanu ndi chitatu la pangano lomwelo limanena za ndege zopanda woyendetsa m'kati: siziloledwa kuuluka pamwamba pa dziko lina popanda chilolezo chapadera cha dzikolo. Izi zikutanthauza kuti drone imene yanyamuka ku Calómuè kapena ku Zóbuè n'kukajambula tsidya lina la malire yalowa m'dziko la eni popanda chilolezo, ngakhale mwini wake ataima kwawo.

Drone ndi tochi ya laser

Achinyamata a m'midzi ya m'malire sangapeze Cessna. Koma zinthu ziwiri zimene zingasokoneze ndege zatsika mtengo ndipo zimagulika mosavuta: drone yojambulira maukwati ndi nyimbo, ndi katochi ka laser kotulutsa kuwala kobiriwira kapena kofiira.

Mayiko ambiri, kuphatikizapo United States ndi Britain, salola drone ya munthu wamba kukwera kupitirira mamita 120. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Ndege zokhala ndi anthu siziloledwa kutsika kupitirira mamita 150 kunja kwa mizinda, pokhapokha zikamanyamuka kapena kutera. Mpata wa mamita 30 umenewo ndi umene umasiyanitsa ziwirizi. Pafupi ndi bwalo la ndege mpatawo palibe, n'chifukwa chake ku South Africa drone siiloledwa kuuluka pa mtunda wosakwana makilomita 10 kuchokera pa bwalo popanda chilolezo.

Zotsatira za kunyozera malamulowa zinaoneka kale. Mu Disembala 2018 bwalo la ndege la Gatwick, pafupi ndi London, linatsekedwa kwa nthawi yoposa tsiku lathunthu anthu atanena kuti aona ma drone. Maulendo pafupifupi 1,000 anasokonekera, ndipo anthu pafupifupi 140,000 anavutika. Mu Januwale 2025, moto wolusa utabuka ku Los Angeles, drone ya munthu wina wamkulu ndithu inagunda ndege yozimitsa moto yochokera ku Canada n'kuboola phiko lake. Ndegeyo inakhala pansi masiku angapo pamene nyumba za anthu zinali kupsa.

Laser nayo imaoneka ngati kadontho pa khoma, koma kuwala kwake kumafutukuka kukamapita patali. Kukafika pa galasi la kutsogolo kwa ndege usiku, kumadzaza chipinda chonse cha woyendetsa ndipo amatha kukhala wosaona bwino kwa kanthawi, pa nthawi imene akutera. Bungwe loyang'anira ndege ku United States, FAA, linalandira malipoti 13,304 a mchitidwe umenewu mu 2023 mokha, ndipo kumeneko chilango chake chimatha kufika zaka zisanu m'ndende.

Kwa anthu a m'malire, ndege imene imatsika pafupi ndi midzi kawirikawiri imakhala ya thandizo. Mu Malichi 2019, namondwe wa Idai atagwetsa milatho m'chigawo cha Sofala, anthu a ku Búzi amene anali pa madenga ndi m'mitengo anapulumutsidwa ndi ma helikopita ndi mabwato. Ndege zotere zimauluka motsika, zimatera pa bwalo la mpira kapena pa bwalo laling'ono la m'boma lopanda mpanda, ndipo woyendetsa alibe womuuza kuti panjira pali drone, ng'ombe kapena ana amene akuthamangira kukaona. Akakayika, satera. Wodwala kapena matumba a chakudya amabwerera.

Njira yovomerezeka ilipo

Ku Mozambique, nkhani zonse za ndege za anthu wamba zili m'manja mwa Instituto de Aviação Civil de Moçambique, IACM. Aliyense wofuna kuulutsa drone pa ntchito, kapena pafupi ndi mabwalo monga a Chingodzi ku Tete, Songo ndi Lichinga, ayenera kuyamba wafunsa kumeneko kapena kwa akuluakulu a bwalo. Akale anati safunsa anadya phula.

Ku Malawi, boma mogwirizana ndi UNICEF linatsegula dera loyeserera ma drone ku Kasungu mu 2017, lotambalala makilomita 40 mbali zonse kuchokera pa bwalo la ndege la m'bomalo, kuti ayesere kunyamula mankhwala ndi kujambula madera a madzi osefukira. Mu 2020 ku Lilongwe kunatsegulidwa sukulu ya African Drone and Data Academy, yomwe imaphunzitsa achinyamata a mu Africa kupanga ndi kuulutsa ma drone motsatira malamulo. Kumeneko chidwi chomwecho chimene chinatengera Rust ku Moscow chimasanduka ntchito yolipidwa.

Makolo, aphunzitsi ndi mafumu a m'malire sangaletse ana kukonda zouluka, ndipo palibe chifukwa choti awaletse. Zimene angawauze ndi zochepa ndipo n'zosavuta kukumbukira. Tochi ya laser isalozedwe ku ndege. Drone isakwere kupitirira mamita 120, isayandikire bwalo la ndege, isawoloke malire, ndipo itsitsidwe msanga phokoso la ndege kapena helikopita likamveka. Ziweto ndi mpira zichoke pa bwalo ndege ikamayembekezeka, ndipo anthu asayandikire mpaka injini itazima ndi mapiko ozungulira ataima.