Fizi yachoka, koma asidi wa mu labotale agula ndani?

Chiyambireni mwezi wa Januwale 2026, pomwe boma lidachotsa fizi m'sekondale zake zoyendera, makolo ambiri kuno ku Ludzi, ku Kamwendo mpaka ku Mkanda apumako. Palibe angatsutse kuti ndi nkhani yabwino. Ana amene ankathamangitsidwa sabata yachitatu ya teremu chifukwa cha ndalama tsopano akukhala m'kalasi. Koma pali funso limodzi limene sitikulikamba pa misonkhano ya makolo, ndipo likukhudza phunziro la Chemistry. M'sukulu zambiri zoyendera, kandalama kogulira asidi, sipiriti woyatsira moto ndi timabotolo tagalasi kankatapidwa m'thumba la chitukuko cha sukulu, lomwe makolo ankasonkha. Thumbalo kulibenso. Zonse tsopano zikudalira ndalama yochokera ku boma, kuti ifike pa nthawi yake komanso kuti ikafika, ahedi asaimalizire ku choko, mapepala ndi malipiro a mlonda.

Kuti timvetse vutoli tibwerere kumbuyo pang'ono. Amene tidalemba Fomu 4 kale tikukumbukira phunziro la Physical Science, lomwe linkaphatikiza zinthu ziwiri m'buku limodzi. Silabasi yatsopano, yomwe idakonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi n'kuyamba ndi Fomu 1 mu 2015, idaligawa pawiri: Physics payokha, Chemistry payokha. Mayeso oyamba a MSCE otsatira silabasiyi adalembedwa mu 2019. Papepala adali maganizo abwino. Koma kugawa phunziro kumafuna mapiriyodi owonjezera, mabuku atsopano ndi aphunzitsi ena, ndipo sukulu zakumudzi zidalandira silabasi yokha, zinazo n'kumabwera mwa apo ndi apo. MANEB siyang'ana zimenezo. Pepala la pulakitiko ndi limodzimodzi kwa mwana aliyense.

Apa ndi pamene Ludzi akutionetsa dziko lathu mmene liliri. Pa mishoni pali Ludzi Girls, sukulu yogonera konko yoyendetsedwa ndi masisitere a Sisters of Charity of Ottawa, yodziwika dziko lonse. Mukangoyenda pang'ono panjinga mupeza ma CDSS, kumene kumapita ana ambiri a m'midzi yathu ino. M'ma CDSS ambiri m'dziko muno, chimene amachitcha labotale ndi kabati yokhoma mu ofesi ya ahedi. Mwana amajambula burette m'kope kuyambira Fomu 3, amaloweza kuti madzi a mu flask asintha mtundu, koma chidacho amadzachigwira koyamba kutatsala masabata ochepa kuti alembe mayeso, mwinanso tsiku la mayeso lenilenilo. Ndiye tikamati ana athu ndi mbuli pa sayansi, tikunena zoona?

Ndipo si nkhani yongokhoza kapena kulephera. Mtsikana amene akufuna kudzavala yunifomu ya unamwino pa chipatala cha mishoni pompano, kapena kukachita za udokotala ku KUHeS, amafunika makirediti a masayansi. N'chimodzimodzi wofuna maphunziro ambiri a ku LUANAR ku Bunda kapena ku MUST ku Thyolo. Mwana akathawa Chemistry pofika Fomu 3 chifukwa anzake amuuza kuti n'zovuta, watseka makomo amenewa ali ndi zaka 16, osadziwa n'komwe.

Chodabwitsa n'chakuti Chemistry ili ponseponse m'boma la alimi ngati Mchinji. Tengani thumba la Urea. Mwana aliyense kuno adalinyamulapo panjinga, ndipo adaonapo nambala 46 yolembedwa pathumbapo. Ndi angati adauzidwa kuti nambalayo angathe kuipeza yekha ndi pensulo? Urea ndi CO(NH2)2. Carbon amalemera 12, oxygen 16, ma nitrogen awiri 28, ma hydrogen anayi 4, zonse pamodzi 60. Gawani 28 ndi 60, mupeza 46 pa 100 ndi kanyenyeswa. Ndiye kuti m'thumba la makilogalamu 50, chakudya chenicheni cha chimanga ndi makilogalamu 23. Thumba la 23:10:5 lili ndi theka la nitrogen ameneyo, makilogalamu 11 ndi theka. Masamu awa ndi omwewo a relative formula mass ndi percentage composition amene amaliza ana m'kalasi. Mwana akawamvetsa kudzera m'thumba la fetereza, amamvetsanso chifukwa chake alangizi amati Urea tizikwirira: mukangomwaza pamwamba padzuwa, gawo lina limathawira mumlengalenga ngati mpweya wa ammonia, ndalama za bambo ake n'kupita ndi mphepo.

Za ma acid ndi ma base ndiye agogo athu adayamba kale. Chidulo chimene amayi amatcheza kuchokera ku phulusa pophika therere kapena chigwada ndi alkali. Mandimu ndi bwemba ndi asidi. Wiritsani maluwa ofiira a chidede, madzi akewo muwagawe m'makapu awiri. M'kapu ina finyiranimo ndimu, afiira kwambiri. M'kapu inayo thiranimo chidulo, asanduka obiriwirako. Imeneyo ndi indicator, yosachita kuitanitsa ku Lilongwe. Thobwa likagona masiku n'kuyamba kuluma, ndiye fermentation imeneyo. Ngakhale amene amatcheza kachasu, kaya timawakonda kaya ayi, amagwiritsa ntchito mfundo yakuti ethanol amawira pa madigiri 78 pomwe madzi amadikira 100. Sindikuti aphunzitsi atengere ana ku mowa, chonde musakandinenere kwa abambo mfumu, koma mwana amene adaonapo mpope wodutsa m'madzi ozizira savutika kumvetsa condenser.

Aphunzitsi abwino amachita kale zimenezi, ndipo nthawi zina amalumphira ku Chichewa kuti mfundo ilowe, kenako n'kubwerera ku Chingerezi cha mayeso. Ine ndikuona kuti palibe cholakwika. Vuto la ana ambiri si Chemistry yeniyeniyo koma kumva chinthu chachilendo m'chilankhulo chachilendonso.

Komabe tisanamizane kuti chidede chingalowe m'malo mwa labotale. Titration imafuna burette, pipette ndi asidi wosungunulidwa pa mlingo wodziwika. Dzanja liyenera kuzolowera kutsegula kampopi kuti madzi azigwa kadontho kamodzikamodzi, diso liyenera kuzolowera kuwerenga mlingo pansi pa kukhota kwa madzi. Zimenezi siziphunziridwa pomvera. Pali ngozi yoti mawu akuti "gwiritsani ntchito zopezeka kwanuko" asanduke chobisalirapo cha akuluakulu osafuna kugula zipangizo.

Si kuti boma lakhala chete. Pulogalamu ya SMASSE, yomwe idayamba mu 2004 ndi thandizo la dziko la Japan kudzera ku JICA, yakhala ikusonkhanitsa aphunzitsi a masamu ndi sayansi pa holide kuti aphunzitsane njira zopatsa ana mpata wogwira zinthu ndi manja. Nalikule College of Education ku Lilongwe idatsegulidwa makamaka kuti ithandize Domasi kusula aphunzitsi a masamu ndi sayansi. Mu 2019 kudabweranso pulojekiti ya EQUALS ya World Bank, yolunjika pa masayansi m'ma CDSS. Zonsezi n'zabwino. Koma mphunzitsi akabwerera ku maphunziro a sabata imodzi amapeza zomwe adazisiya: iye yekha akuphunzitsa Chemistry, Physics ndi Masamu kuyambira Fomu 1 mpaka 4, kalasi yodzaza mpaka pakhomo, popanda womuthandiza mu labotale. Pulakitiko ya mphindi 80 imafuna maola awiri okonzekera ndi ola lina lotsuka magalasi, madzinso ochita kukatunga ku mjigo. Ena mwa aphunzitsiwa adasulidwira ku pulayimale, ndipo nawonso burette amaiopa, kungoti sanganene pamaso pa ana. Tsopano fizi yachoka, makalasi akula. Munthu wotere akasankha kungolemba manotsi pa bolodi, ine sindingamuponye mwala.

Chimene chingatheke pompano, osadikira Capital Hill, n'chogwiritsa ntchito dongosolo la ma cluster lomwe lilipo kale, loti sekondale zoyandikana zizithandizana. Pakadali pano ma cluster timawamva kwambiri pa mayeso a mock ndi pa masewera. Bwanji sukulu zokhala ndi labotale m'dera lino zisamatsegule chitseko Loweruka limodzi pa mwezi kwa ana a Fomu 3 ndi 4 a m'ma CDSS oyandikana nazo? Sizingakhale zaulere ayi. Asidi amatha, magalasi amasweka, ndipo wosunga labotale ayenera kupatsidwa kenakake. Mwini sukulu ali ndi ufulu wokana ngati palibe mgwirizano wolembedwa wonena kuti chikasweka alipira ndani. Apa ndi pofunika ofesi ya Central West Education Division, yomwe Mchinji ali pansi pake, ikhale pakati. Phindu lina n'lakuti mphunzitsi wa ku CDSS adzaima pambali pa mnzake wozolowera, n'kuphunzira kusungunula asidi popanda manyazi. Akhozanso kugula limodzi: botolo limodzi la hydrochloric acid wamphamvu, akalisungunula bwino, limakwanira sukulu zingapo kwa nthawi yaitali, kusiyana n'kuti aliyense azikwera minibasi payekha kukafuna kabotolo kake mumzinda.

Makolo nafenso, poti sitikulipira, tisaganize kuti pakamwa patsekedwa. Pa msonkhano wa PTA wa teremu ino, komiti ifunse ahedi kuti pa ndalama imene boma latumiza, zingati zapita ku zipangizo za sayansi. Ndipo mwana wa Fomu 3 akafika kunyumba, mufunseni kuti chiyambireni teremu wagwirapo test tube kangati ndi dzanja lake.